Pa Khonde la Aphunzitsi: Kodi Atambala Aŵiri Angalire M'khola Limodzi?

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za maseŵero a basketball a ku America, amene ana athu ambiri akuŵakonda masiku ano, naŵaonera pa wailesi yakanema ndi pa mafoni. Chatifikitsa pa nkhaniyi ndi mtsutso umene tidaumva tsiku lina pakati pa anyamata aŵiri titatuluka m'kalasi. Wina ankati mphunzitsi wa timu ya akatswiri alibe ntchito, angokhala pa benchi ndi kuomba m'manja, popeza woseŵera wolandira ndalama zoposa zake sangamumvere. Mnzakeyo ankati ai, popanda mphunzitsi akatswiriwo angadyane okhaokha. Popeza dzina lakuti mphunzitsi nlathu lomwe, tidaona kuti mlanduwo watikhudza, ndipo tidapita kunyumba tikuusinkhasinkha.

Tiyambe tafotokoza maseŵerowo, pakuti makolo ena sadaŵaonepo. Adaŵayambitsa ndi a James Naismith, munthu wa ku Canada amene adaphunzira za ubusa pa koleji ya mpingo wa Presbyterian mu mzinda wa Montreal, koma adasankha ntchito yophunzitsa achinyamata maseŵero olimbitsa thupi. M'mwezi wa Disembala 1891, ali pa sukulu ya bungwe la YMCA ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts, adafuna maseŵero oti anyamata aziseŵera m'nyumba nthaŵi ya chisanu. Adakhomera pamwamba madengu aŵiri otolera mapichesi, lina uku lina uko, nalemba malamulo 13. Limodzi mwa malamulowo lidali lakuti munthu asathamange ndi mpira, koma auponye ali pomwe waugwirirapo. Motero maseŵeroŵa adabadwa ali opatsirana: wofuna kuti mpira upite patsogolo ankayenera kuupereka kwa mnzake.

Lero mpikisano waukulu koposa wa maseŵeroŵa ndi wa bungwe la NBA, limene lili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imaseŵera maseŵero 82 pa chaka isanaloŵe m'ndime zolimbirana chikho. M'bwalo mumaloŵa anthu asanu okha mbali iliyonse, ndipo maseŵero amatenga mphindi 48. Apa mpamene pagona vuto. Pa mpira wamiyendo katswiri ndi mmodzi mwa anthu 11, ndipo angathe kukhala mphindi zambiri osaukhudza mpira. Pa basketball katswiri ndi mmodzi mwa asanu, mpira umafika m'manja mwake kaŵirikaŵiri, ndipo yekha angathe kugoletsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mapointi onse a timu. Anthu amagula matikiti kudzaona iyeyo. Eni timu amadziŵa kuti mphunzitsi angapezeke wina maŵa, koma katswiri wotere amaoneka kamodzi pa zaka zambiri. M'chaka cha maseŵero cha 1997 mpaka 1998 Michael Jordan adalandira madola oposa 33 miliyoni ku timu ya Chicago Bulls, pamene aphunzitsi ake adalandira pafupifupi 6 miliyoni.

Choncho mnyamata woyamba uja sadaname kotheratu. Mu 1980 timu ya Los Angeles Lakers idatenga chikho ikuphunzitsidwa ndi a Paul Westhead. Mu Novembala 1981 katswiri wao Magic Johnson, mnyamata wa zaka 22 zokha, adauza atolankhani kuti kaseŵeredwe ka aphunzitsi akewo kamtopetsa, ndipo afuna kuti amgulitse ku timu ina. M'maŵa mwake mwini timu, a Jerry Buss, adachotsa ntchito a Westhead. A Buss adati maganizo ameneŵa adali nao kale, komabe anthu onse adaona amene adatsala ndi amene adamanga katundu. Zofanana ndi zimenezi zidaonekanso mu Januwale 2016 ku Cleveland, kumene kudali LeBron James. A David Blatt adachotsedwa timu yao itapambana maseŵero 30 mwa 41, ili patsogolo pa matimu onse a chigawo cha kum'maŵa, ndipo akuluakulu adati oseŵera ndi aphunzitsi sadali a mtima umodzi. James adakana kuti iye ndiye adasonkhezera moto, koma phunziro lake lidamveka: mphunzitsi amene akatswiri samkhulupirira, ngakhale azipambana, mpando wake umagwedera.

Komatu pali munthu mmodzi amene mbiri yake imatsutsa zimenezi, ndiye a Phil Jackson. Adabadwa mu 1945 m'chigawo cha Montana, bambo ndi mai ao onse ali alaliki a mpingo wa Assemblies of God. Iwo eni adaseŵerapo ku New York Knicks, koma sadali katswiri. Kaŵirikaŵiri ankayamba maseŵero ali pa benchi, ndipo ntchito yao idali yotchinga adani ndi kuthandiza anzao otchuka. Tikhulupirira kuti benchi imeneyo idaŵaphunzitsa zambiri, pakuti wokhala pansi amaona zimene wothamanga saona. Atakhala mphunzitsi wamkulu adatenga zikho 11, zisanu ndi chimodzi ku Chicago ndi zisanu ku Los Angeles, ndipo palibe mphunzitsi wina wa NBA amene wafikapo pa chiŵerengero chimenechi. Zikho zonsezo adazitenga ndi anyamata amene aliyense ankadziŵa kuti ngovuta kuŵalamula. Tiyeni tione m'mene adachitira, ndiponso pamene adalephera.

Pamene a Jackson adapatsidwa timu ya Chicago mu 1989, Jordan adali ataseŵera kale zaka zisanu, ndipo padalibe womposa pogoletsa. M'chaka cha 1986 mpaka 1987 ankagoletsa mapointi 37 pa maseŵero alionse tikagaŵa mofanana, koma timu yake idapambana maseŵero 40 okha mwa 82, nigonja pa ndime yoyamba yeniyeni. Timu ya Detroit Pistons idatulukira mankhwala ake: anthu aŵiri kapena atatu ankamuunjirira Jordan, kumkankha ndi kumgwetsa, podziŵa kuti anzake anai aja angoima kuonerera. Motero Detroit idatulutsa Chicago mu mpikisano zaka zitatu zotsatizana, 1988, 1989 ndi 1990. Anthu adayamba kunena kuti Jordan ngokondweretsa maso chabe, chikho sadzachigwira. Adali nao umboni, pakuti kuchokera pamene Kareem Abdul-Jabbar adachita zimenezi mu 1971, padalibenso woseŵera wogoletsa koposa onse amene timu yake idatenga chikho chaka chomwecho.

A Jackson adali ndi wothandiza wao wachikulire, a Tex Winter, amene adatha zaka zambiri akukonza njira ya kaseŵeredwe yotchedwa ya ngodya zitatu. Anthu atatu amaima mbali imodzi ya bwalo monga mafuwa, aŵiri otsalawo mbali inayo, ndipo mpira umayenda msanga kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo kufikira utapeza amene adani amsiya yekha. Monga mphika sukhazikika pa fuwa limodzi, njira imeneyi siyenda ngati munthu mmodzi aumirira mpira. A Jackson sadalengeze zimenezi pa gulu kuti amchititse manyazi Jordan. Adamuitanira pa yekha, namuuza mosabisa kuti mapointi ake mwina adzatsika, ndipo sadamlonjeze kuti adzakhalabe wogoletsa koposa onse. Jordan sadakondwere, ndipo ankaiseka njirayo kuti ikupatsa mpira anthu osayenera kuulandira. Koma aphunzitsiwo adadziŵa chinthu chimodzi chimene Jordan ankachifuna kuposa mapointi, ndicho chikho, ndipo pempho lao lonse adalitsamiritsa pa chimenecho.

Zipatso zidaoneka mu Juni 1991. Chaka chimenecho Jordan adatsika kufika pa mapointi 31 ndi theka, koma timu idapambana maseŵero 61, nigonjetsa Detroit kanai motsatizana. Pa maseŵero otsiriza olimbirana chikho ndi Lakers, mapointi atayandikana ndipo nthaŵi ikutha, Jordan adayambanso chizoloŵezi chake chakale chofuna kugoletsa yekha. Pa kanthaŵi kopumira a Jackson adamfunsa kuti kodi ndani amene adani amsiya yekha. Jordan adayankha kuti ndi John Paxson, woseŵera wofatsa ndi wosatchuka, ndipo aphunzitsiwo adamuuza kuti tsono ampatse mpirawo. Jordan adamvera, Paxson adagoletsa kangapo motsatizana, ndipo Chicago idapambana 108 kwa 101, nitenga chikho chake choyamba. Mu 1993 Paxson yemweyo ndiye adaponya mpira wopambanitsa chikho chachitatu ku Phoenix, ndipo mu 1997 Jordan, adani atamuunjirira masekondi otsiriza, adapatsira Steve Kerr, amene adagoletsa mpira wogonjetsa timu ya Utah. Kudzikuza kwa Jordan sikudathe ai. Anzake ambiri adachitira umboni kuti adakhalabe munthu waukali, wosapirira zofooka za ena. A Jackson adangokulozera njira ina, monga mlimi apatutsira madzi a mumtsinje ku dimba lake.

Mayeso aakulu adadza Jordan kulibe. Mu Okutobala 1993 adasiya basketball, bambo ake ataphedwa ndi achifwamba miyezi yoŵerengeka m'mbuyomo, ndipo utsogoleri udagwera Scottie Pippen, amene zaka zonsezo adakhala wachiŵiri. Pippen adausenza bwino katunduyo, timu nipambana maseŵero 55. Koma adali ndi chilonda mumtima: malipiro ake adali ochepa poyerekeza ndi luso lake, pamene akuluakulu a timu adatha zaka akunyengerera mnyamata wa ku Croatia, Toni Kukoč, kuti abwere. Pa 13 Meyi 1994, akuseŵera ndi New York Knicks m'ndime zolimbirana chikho, mapointi adali 102 mbali zonse ndipo kudatsala masekondi osakwana aŵiri. A Jackson adalamula kuti Pippen aponye mpira kuchokera kunja kwa mzere, ndipo Kukoč ndiye aulandire ndi kuyesa kugoletsa. Pippen adapsa mtima, nakakhala pa benchi. Aphunzitsi adamfunsa ngati aloŵa kapena ai, iye nati saloŵa. A Jackson sadasinthe lamulo lao kuti amsangalatse, ndiponso sadataye nthaŵi kukangana naye. Adaitana Pete Myers kuti aponye mpirawo, Kukoč adaulandira nagoletsa, Chicago nipambana 104 kwa 102.

Chimene chidachitika pambuyo pake m'chipinda chovalira nchofunika kuposa chigolicho. Mphunzitsi wina akadakalipa pamaso pa atolankhani, kapena kumuimitsa mnyamatayo maseŵero otsatira. A Jackson adalankhula mau ochepa, nasiyira oseŵera mlanduwo. Adaimirira Bill Cartwright, mkulu pakati pao, munthu wosalankhulalankhula, ndipo misozi ikutsika adamuuza Pippen kuti waŵataya anzake pa nthaŵi imene ankamfuna koposa. Pippen adapepesa pamaso pa onse, ndipo pa maseŵero otsatira adaloŵa, naseŵera mwamphamvu. Mphunzitsi akadzudzula, katswiri angathe kunena kuti mkuluyo angomuda. Koma misozi ya mnzake amene akhetsa naye thukuta tsiku ndi tsiku njovuta kuikana. Pippen adakhalabe pa timuyo, natenga nayo zikho zina zitatu.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Mu 2020, m'kanema wofotokoza mbiri ya timuyo wotchedwa The Last Dance, Pippen adati ngakhale zimenezo adazimvera chisoni, atabwezedwa pa tsiku lija mwina akadachitanso chimodzimodzi, ndipo chaka chotsatira ankanenabe poyera kuti a Jackson adamlakwira. Patapita zaka zoposa 25 chilonda chidali chikali chachiŵisi. Aphunzitsi adakwanitsa kusunga timu ndi kumbwezera mnyamatayo m'bwalo, koma pansi pa mtima wake sadafikepo.

Nkhani ya Dennis Rodman ndi ina. Adafika ku Chicago mu 1995, Jordan atabwerera kale, timu ya San Antonio itatopa naye. Ankapaka tsitsi lake mitundumitundu, ankachedwa, ankakangana ndi oimbira maseŵero, ndipo mu Januwale 1997 adamenya theche munthu wojambula m'mbali mwa bwalo, naimitsidwa maseŵero 11. Koma padalibe womposa potola mpira ukalephera kuloŵa m'dengu, ntchito yolemetsa imene akatswiri ambiri saikonda. A Jackson adamlekerera pa zambiri za kunja kwa bwalo, namumanga pa chimodzi: akaloŵa m'bwalo agwire ntchito yake yonse chifukwa cha anzake. Chaka chake choyamba timu idapambana maseŵero 72 mwa 82. M'chaka chake chotsiriza ku Chicago adapempha tchuthi mpikisano uli mkati, aphunzitsi nampatsa maola 48. Iye adapita ku Las Vegas, mzinda wotchuka ndi juga, napitirira nthaŵiyo, kufikira Jordan adachita kukamdzutsa kumene adagona.

Pano ife tili nao mau. Nzoona kuti mphunzitsi wanzeru sachita ndi ana onse mofanana, pakuti wina amamva ndi diso chabe pamene wina afuna mau amphamvu, ndipo palibe kholo limene limasokera ana ake onse malaya a msinkhu umodzi. Koma a Jackson adalembedwa ntchito kuti atenge zikho, ndipo zikhozo adatengadi. Za moyo wa Rodman pambuyo pake, ndi kulimbana kwake ndi moŵa kumene iye mwini wakhala akukuvomera poyera, sizidali m'pangano lao la ntchito. Kholo ndi mphunzitsi wa sukulu alibe ufulu umenewo. Ife sitingamlekerere mwana kuti aonongeke chifukwa akutitengera ulemu pa tsiku la mpikisano.

Tsono tifike pa atambala aŵiri aja. Mu 1999 a Jackson adapita ku Los Angeles Lakers, kumene adapeza Shaquille O'Neal, chimphona cha mamita 2.16, ndi Kobe Bryant, amene adaloŵa mu NBA mu 1996 atangotsiriza sukulu ya sekondale. Aŵiriŵa adali atakhala pamodzi zaka zitatu popanda chikho, aliyense akuona kuti timu njake. O'Neal adali wanthabwala, wokonda kupuma nthaŵi ya tchuthi. Bryant adali wosasekaseka, wolaŵira m'mamaŵa kukakonzekera yekha, ndipo ankapeputsa aliyense wosalimbikira monga iye. A Jackson adagamula mosabisa kuti mpira uziyamba wapita kwa O'Neal, Bryant adikire nthaŵi yake. Adatenga zikho zitatu motsatizana, 2000, 2001 ndi 2002, ndipo mu 2001 adagonja kamodzi kokha pa maseŵero 16 a ndime zolimbirana chikho. Munthu woonera patali akadati mwambi wakuti atambala aŵiri salira m'khola limodzi wanama.

Koma moto udali kunyeka pansi pa phulusa. Mu Okutobala 2003 aŵiriwo adanyozana poyera kudzera mwa atolankhani, Bryant nanena kuti mnzake adabwera ku ntchito atanenepa, wosakonzeka. Mu Juni 2004, ngakhale timuyo idaonjezedwa akatswiri ena aŵiri, Karl Malone ndi Gary Payton, idagonja kanai pa maseŵero asanu kwa Detroit Pistons, timu yopanda maina aakulu ngati ao koma yogwirizana ngati nyerere. M'masabata oŵerengeka a Jackson adachoka, O'Neal adagulitsidwa ku Miami, ndipo eni timu adasunga Bryant, wamng'onoyo. Chaka chomwecho a Jackson adatulutsa buku lotchedwa The Last Season, m'mene adamfotokoza Bryant ngati munthu wosatheka kumphunzitsa. Apa tiona kuti akuluŵa adaphonya. Iwo amene adamuitanira Jordan pa yekha, amene adasunga mlandu wa Pippen m'chipinda chovalira, tsopano adayanika zofooka za wophunzira wao pa dziko lonse. Paja akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Ndipo mlomowo udaŵapezadi, pakuti mu 2005 adabwerera ku timu yomweyo, nakapeza munthu amene adamlemba m'buku ali pompo. Chimene chidasintha m'zaka zotsatira sichidali nzeru za a Jackson zokha. Bryant adali atalaŵa kukhala tambala yekha m'khola. Chaka chimene aphunzitsiwo kudalibe, timu idapambana maseŵero 34 okha, osaloŵa nkomwe m'ndime za chikho. Mu Januwale 2006 adagoletsa yekha mapointi 81 pa maseŵero amodzi ndi Toronto, dziko lonse lidazizwa, koma chaka chimenecho ndi chotsatira timu yake idatuluka pa ndime yoyamba. Njala ya chikho idamphunzitsa chimene mau a aphunzitsi adalephera kumphunzitsa. Atabwera Pau Gasol wa ku Spain mu 2008, Bryant adamlandira, nayamba kukhulupirira anzake. A Jackson naonso adafeŵetsa mau ao, nayamba kumfunsa maganizo m'malo mongomlamula. Adatenga zikho mu 2009 ndi 2010. Bryant ndi O'Neal adayanjananso atakula, ndipo Bryant atafa pa ngozi ya helikopita mu Januwale 2020, O'Neal adalankhula pa mwambo womkumbukira. Koma zaka zimene akadaseŵera pamodzi sizidabwerere.

Kuti nkhani ikwanire, tiyang'anenso ku San Antonio Spurs. A Gregg Popovich adaphunzitsa timu imeneyi kuyambira 1996 mpaka 2025, natenga zikho zisanu, mu 1999, 2003, 2005, 2007 ndi 2014. Iwo adali osiyana ndi a Jackson, pakuti adali aukali, okalipa, osanyengerera munthu m'bwalo. Nanga zidatheka bwanji? Zidatheka chifukwa cha Tim Duncan, katswiri wa ku zilumba za Virgin Islands, amene adasankhidwa kaŵiri kukhala woseŵera wopambana onse mu NBA, mu 2002 ndi 2003, koma ankalola kuti aphunzitsi ake amkalipire pamaso pa anzake monga wina aliyense. Mnyamata watsopano akaona Duncan akudzudzulidwa osayankha, ankasoŵa poyambira kuŵiringula. Duncan naye adaonera kwa David Robinson, amene adali mtsogoleri wa oseŵera iye asanafike mu 1997, koma adamsiyira malo oyamba popanda nsanje. Atakula, Duncan adalola kulandira malipiro ocheperapo kuti timu ithe kusunga anzake. Koma a Popovich omwewo, ndi nzeru zao zomwezo, adalephera kumsunga Kawhi Leonard, amene mu 2018 adapempha kuchoka, nagulitsidwa ku Toronto.

Tsono tiŵayankhe bwanji anyamata aŵiri aja? Yankho lathu nlakuti mphunzitsi angathe kuŵayendetsa akatswiri, koma pokhapokha akatswiriwo atalola. Alibe ndodo yoŵaopsera, pakuti ndalama ndi kutchuka zili kwa iwo. Mphamvu yake ili pa zinthu zina: kudziŵa ntchito yake kotero kuti katswiri aone kuti malangizowo amapambanitsadi, kumuuza munthu zoona pa yekha asanazimve kwina, kusasintha lamulo chifukwa wotchuka wakwiya, monga adachitira a Jackson masekondi aŵiri aja, kulemekeza anthu onga Paxson ndi Cartwright kuti naonso akhale ndi mau m'timu, ndiponso kukhala ndi eni timu amene samtaya katswiri akangodandaula. Zonsezi zikakhalapo, chotsala chili mumtima mwa woseŵerayo. Jordan adalola atatha zaka zisanu ndi chimodzi osachigwira chikho, Bryant adalola atalaŵa kukhala yekha, Duncan adalola kuyambira tsiku loyamba. Pamene katswiri wakana, ngakhale mphunzitsi wa zikho 11 amamanga katundu.

Tisanatseke, tiulule cholakwa chathu, pakuti nkwapafupi kuweruza a ku America tili pa khonde. Zaka zapitazo, pa sukulu ina imene tidaphunzitsapo, tidali ndi mnyamata wa Sitandade 7 amene pa mpira wamiyendo padalibe womgwira m'dera lonselo. Adayamba kujomba pa masiku okonzekera, ife nkumachita ngati sitikuona chifukwa Loŵeruka ankatigoletsera. Anzake akachedwa tinkaŵapatsa chibalo, iye osamkhudza. Tsiku lina mnyamata wofatsa amene ankatchinga kumbuyo adatibwezera yunifolomu, natifunsa mwaulemu kuti, “Kodi aphunzitsi, malamulo aja ndi a ife osagoletsa tokha?” Tidasoŵa choyankha. Pofuna kukonza, tidalakwanso kachiŵiri: tidamdzudzula katswiri uja pa asembule ya m'maŵa, sukulu yonse ikumva. Sadabwerenso ku mpira, ndipo chaka chisanathe adasiya ndi sukulu yomwe. Poyamba tidamuopa, pambuyo pake tidamchititsa manyazi, ndipo pa nthaŵi zonse ziŵirizo sitidakhale naye pansi pa yekha ndi kumuuza zoona. Mpaka lero tikamkumbukira mtima umatiŵaŵa.

Makolo anzathu, pafupifupi m'banja lililonse muli mwana mmodzi woŵala kuposa abale ake, wina m'kalasi, wina pa mpira, wina pa kuimba. Mphatso yake tisaipondereze, pakuti timu ya Chicago sidatengepo chikho ngakhale chimodzi popanda Jordan, kale kapena pambuyo pake. Koma tisamchotse pa ntchito yotsuka mbale ndi kutunga madzi chifukwa wakhoza mayeso, ndipo akalakwa tikhale naye pa yekha madzulo, abale ake atagona. Adziŵe kuti fizi yake idatuluka m'munda umene abale ake adapalira iye ali ku sukulu. A Jackson ndi a Popovich ankalandira anthu okulakula, mitengo youma kale, pamene ife tili nao akali anthete. M'mera mpoyamba.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana amene muli ndi luso, mukamaonera akatswiri aja musamangoŵerenga mapointi. Muziyang'ananso amene wapereka mpira, amene watchinga mdani, amene watola mpira wolephera kuloŵa. Dzifunseni ngati alipo munthu, kholo kapena mphunzitsi kapena mnzanu, amene mumamlola kukuuzani kuti mwalakwa, inu osanyamuka kukakhala pa benchi. Pippen adaseŵera zaka 17 mu NBA, natenga zikho zisanu ndi chimodzi, koma mpaka lero anthu akamakamba za iye saiŵala masekondi osakwana aŵiri aja.